Makalata a Omvera: Thandizo la Lendi ku Britain

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Leeds, ndipo ikunena za Housing Benefit, thandizo la boma lolipirira lendi. Akuti: "Bambo anga ali ndi zaka 68, mapepala awo ndi okhaliratu kuno, ndipo amachita lendi kanyumba kawokawo. Tinaimbira khonsolo pa 3 Marichi, anatitumizira fomu ya Housing Benefit, n'kuibweza pa 25. Lero kwabwera kalata yoti pempho lathu n'losakwanira. Kodi atikana?"

Mtima m'malo mayi, sanakukaneni. Pali malo amene simunalembe pa fomupo, kapena pepala lina lasowa. Lamulo limakupatsani mwezi umodzi woti mukonze, ndipo mukakonza m'nthawiyo amawerengabe tsiku loyamba lija. Kwa inu ndi pa 3 Marichi, tsiku la foni, poti fomu munabweza mwezi usanathe. Ndiye kalatayo musaiike pansi pa pilo. Onani chimene akufuna. Kawirikawiri imakhala nambala ya National Insurance (imene boma limakudziwirani pa za msonkho ndi penshoni), pangano la lendi losonyeza ndalama imene bambo amalipira, masitetimenti a kubanki, kapena siginecha chabe. Mukapereka, jambulani chilichonse ndipo mutenge lisiti. Poti bambo anafika zaka za penshoni, angalandirenso za miyezi itatu yam'mbuyo ngati nthawiyo anali oyenera.

Koma apa mpamene ambirife timapunthwa. Munthu akakhala ndi chuma choposa £16,000 salandira Housing Benefit, kupatula amene ali pa Guarantee Credit, ndalama yowonjezera imene boma limapatsa okalamba opeza zochepa. Ndipo chuma si cha kubanki ya ku Leeds kokha ayi. Ngati bambo anamanga nyumba ku Chilomoni kapena ku Area 25, nayonso imawerengedwa. Ilembeni pa fomu. Zoti "adziwa bwanji" zisiyeni, chifukwa zikadzaululika adzafuna mubweze zonse. Mwamwayi bambo amakhala paokha. Akanakhala kuti amalipira lendi kwa inu m'nyumba imodzimodzi, sizikanatheka.

Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Luton, wosamalira okalamba, amene anabwera pa viza ya ntchito. Akuti lendi yamukulira, kodi alembe nawo?

Achimwene, musayerekeze. Viza yanu ili ndi mawu akuti "no recourse to public funds", kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, ndipo Housing Benefit ili m'gulu lomwelo. Mukalandira, mwaphwanya malamulo a viza, ndipo zingakuvuteni podzaiwonjezera. Ngakhale mutadzakhala ndi mapepala okhaliratu, anthu a msinkhu wanu masiku ano amawalozera ku Universal Credit, thandizo lina la boma la anthu opeza zochepa, kupatula okhala m'nyumba zapadera zothandizira anthu kapena zongoyembekezera zimene wapereka khonsolo. Pakadali pano pitani ku bungwe lopereka malangizo la Citizens Advice, uphungu wawo ndi waulere.