Makalata Anu: Za Dambudzo Marechera

Moni nonse omvera. Sabata yatha tidakamba za Dambudzo Marechera, mlembi wa ku Zimbabwe uja, ndipo makalata abwera osati masewera.

Achimwene a ku Chipata akufunsa kuti adamwalira liti. Ndi mu 1987, ku Harare, ali ndi zaka 35 zokha. Amayi a ku Dedza akuti nthawi ya pologalamu ino njochepa. Ndamva mayi, ndikawagwadira abwana.

Kalata yomwe yandigwira mtima ndi ya aphunzitsi ena opuma ntchito a ku Kasungu. Akuti: "Mwana wanga wandibweretsera buku la Marechera lija, The House of Hunger. Nkhani yake siyikudziwika poyambira ndi pothera, ingodumphadumpha. Kodi si misala iyi?"

Aphunzitsi, pepani, apa ndikutsutsani. Marechera adabadwa mu 1952 ku Rusape, nkukulira mu komboni ya Vengere. Bambo ake atagundidwa ndi galimoto, banja lidathamangitsidwa m'nyumba. Mu 1973 adamuchotsa pa yunivesite ya Rhodesia (dzina lakale la Zimbabwe) chifukwa cha zionetsero, ku yunivesite ya Oxford ku England nakonso adamuchotsa. Ndiye munthu ameneyu akusimbireni moyo wa pansi pa Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu la nthawiyo, mwandondomeko, ngati nthano ya padangokhala? Kudumpha mukunenako nkwadala. Mnyamata wa m'bukumo ali pamowa ndi anzake, mwadzidzidzi wabwerera ku ubwana akumenyedwa kunyumba, kenako walowa m'maloto oopsa. Mutu wa munthu wozunzika umayenda chonchi, aphunzitsi. Bukuli lidatuluka mu 1978, ndipo mu 1979 lidapata mphoto ya Guardian ku London.

Tsopano inu anyamata. Angapo mwalemba kuti luso lake lidachokera ku mowa, wina mpaka akuti wasiya sukulu kuti akhale Marechera wachiwiri. Iwe mwana wanga, bwerera m'kalasi mawa lomwe! Zimenezi zikundiwawa. Munthuyu ankawerenga usiku ndi usana, mabuku a ku Russia, a ku Ireland, a kulikonse. Atabwerera kwawo mu 1982, nthawi zina ankagona panja mu Harare, koma makina ake otayipira sankawasiya. Ankalemba atakhala pa benchi m'paki, ndipo mu 1984 adatulutsa buku lotchedwa Mindblast. Mowawo udangomuonongera thanzi ndi kumudanitsa ndi anthu amene ankamufunira zabwino. Mabotolo muli nawo kale, mabuku ali kuti?

Aphunzitsi, muwerengenso masamba khumi oyambawo mokweza, osathamanga, kenako mundilemberenso. Kalata yanu ndiyo ndidzayambire.