Martin McGuinness: kuchokera ku mfuti mpaka kukhala m'boma limodzi ndi adani ake

Zikomo amfumu, azimayi ndi azibambo nonse amene mwafika. Lero tikambe za Martin McGuinness, mwana wa mumzinda wa Derry ku Northern Ireland, wobadwa mu 1950.

Kumeneko Akatolika ambiri ankafuna kuti dera lawo liphatikizane ndi dziko la Ireland, pomwe Apulotesitanti ambiri ankafuna kukhalabe pansi pa Britain. Ntchito ndi nyumba zinkagawidwa mokondera Apulotesitanti. McGuinness anasiya sukulu ali ndi zaka 15 n'kukagwira ntchito kubutchala, kenako analowa gulu la zida la IRA, lomwe linkamenyera kuti Britain ichoke m'deralo. Pa 30 Januwale 1972, asilikali a Britain anawombera anthu oguba ku Derry, anthu 13 n'kufa tsiku lomwelo. Nthawi imeneyo iye anali wachiwiri kwa mkulu wa IRA mumzindawo, ndipo anadzavomera yekha pamaso pa ofufuza.

Musaganize kuti ndikumuyeretsa ayi. Nkhondo ya ku Northern Ireland imeneyi inapha anthu oposa 3,500, pafupifupi theka ndi manja a IRA. Amasiye ena mpaka lero safuna n'komwe kumva dzina lake, ndipo ine sindiwadzudzula.

Koma tamverani. Munthu yemweyu ndiye anatsogolera chipani cha Sinn Féin, chogwirizana ndi IRA, pa zokambirana zomwe zinabala pangano la mtendere la Lachisanu Loyera mu 1998. Mu 2007 anakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Northern Ireland, Ian Paisley, m'busa wa Chipulotesitanti amene kwa zaka zambiri ankalalikira zonyoza Akatolika. Anthu ankadabwa kuwaona akuseka limodzi! Mu 2009, omenyera Ireland ena okana panganolo atapha wapolisi, McGuinness anaima poyera n'kuwatcha oukira Ireland. Pamenepo pankafunika mtima, chifukwa ena mwa anthuwo anali anzake akale. Mu 2012 ku Belfast anagwirana chanza ndi Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain, amene mbale wake, Lord Mountbatten, anaphedwa ndi bomba la IRA mu 1979. Tangoganizani kulemera kwa dzanja lija, kwa onse awiri.

McGuinness anatula pansi udindo mu Januwale 2017 akudwala, n'kumwalira pa 21 Malichi. Pamaliro pake ku Derry panafika Arlene Foster, mtsogoleri wa panthawiyo wa DUP, chipani chofuna kukhalabe pansi pa Britain, amene bambo ake anawomberedwa ndi IRA iye ali mwana. Atalowa m'tchalitchi, anamfedwa anamuombera m'manja.