Mawu a M'mawa: Mukamalumana, Chenjerani

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno ali pa Agalatiya 5:15, pomwe Paulo akuchenjeza mpingo kuti ngati akulumana ndi kudyana, achenjere, angathane okhaokha. Vesi limeneli ndagona nalo sabata yonse, ndipo likungondibwezera ku chaka cha 2016 kuno ku England, chaka chimene ndinaona anthu a nyumba imodzi akudyana dziko lonse likuonerera, inenso nkuluma nawo.

Amene munali akuluakulu mu 1993 mukukumbukira riferendamu yathu ija ya nyali ndi tambala wakuda, mmene funso limodzi linalowera m'mabanja nkugawa bambo ndi mwana. Kuno funso linali lakuti Britain akhalebe mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, EU, kapena atulukemo. Amene anaitanitsa votiyo anali nduna yaikulu David Cameron wa chipani cha Conservative. Analonjeza mu Januwale 2013, ndipo chifukwa chachikulu chinali m'nyumba mwake momwe: aphungu a chipani chake anali atakangana za Ulaya kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi ya nduna zazikulu zakale, Margaret Thatcher ndi John Major. Iye anaganiza kuti anthu akavota, mkangano utha.

Loweruka pa 20 Febuluwale 2016 anasonkhanitsa nduna zake, nkulengeza kuti voti idzachitika pa 23 Juni, ndipo iye apempha anthu kuti asatuluke. Analola kuti nduna iliyonse itsate mtima wake. Msonkhano utangotha, nduna zisanu ndi imodzi zinapita molunjika ku likulu la gulu lofuna kutuluka, la Vote Leave, nkukajambulitsa kumeneko. Mmodzi wa iwo anali Michael Gove. Ameneyu sanali mnzake wa kuntchito chabe. Mabanja awo ankayenderana, ankapita limodzi kutchuthi, ndipo mkazi wa Gove ndiye anaimirira pa ubatizo wa mwana wamkazi wa Cameron. Mawa lake Boris Johnson, amene panthawiyo anali meya wa London, nayenso analengeza kuti ali mbali yotuluka. Pambuyo pake zinadziwika kuti anali atalemba nkhani ziwiri za m'nyuzipepala, ina yoti atuluke, ina yoti akhale, asanasankhe yoti atumize. Aphungu oposa 130 mwa 330 a chipanicho anatsutsana ndi mtsogoleri wawo.

Kufika apa, abale, palibe tchimo lomwe ndikuliona. Anthu oganiza amasiyana maganizo, ndipo funso linali lalikuludi: malire a dziko, malamulo, malonda, ntchito za anthu. Munthu akhoza kukonda mnzake nkuvota mosiyana naye. Chimene chinandiwawa ndi zomwe zinatuluka m'kamwa m'miyezi inayi yotsatira.

Mtundu wa chipanichi ndi buluu, ndiye atolankhani ankati buluu akumenyana ndi buluu mnzake. A mbali yotuluka ankayenda ndi basi yofiira yolembedwa kuti dziko limatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, ndipo anzawo a chipani chomwecho ankati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Gove ndi Johnson analembera Cameron kalata yapoyera yomuuza kuti lonjezo lake lochepetsa anthu olowa m'dziko likudya chikhulupiriro cha anthu. John Major, munthu wofatsa amene anakhalapo nduna yaikulu, anapita pa kanema nkunena kuti Johnson ndi munthu wongoseketsa anthu pabwalo la mfumu. Nduna ina, Amber Rudd, inanena pamaso pa dziko, Johnsonyo ali chiimire pomwepo, kuti ndi munthu wosangalatsa paphwando koma osati woti akuyendetseni pagalimoto pobwerera kunyumba usiku. Nduna ya zachuma George Osborne itachenjeza kuti akatuluka misonkho ikwera, aphungu a chipani chake oposa 50 anasaina kuti bajeti yoteroyo adzaikana. Taonani mmene nkhani inasunthira. Inayamba ndi funso lakuti Ulaya atithandiza kapena ayi, nkuthera pa kunena kuti uyu ndi wabodza, uyo ndi wadyera, winayo sangadalirike. Ndipo onenawo anali anthu odziwana kufooka, chifukwa anadyera mbale imodzi zaka zambiri. Mdani amaponya mwala mwachisawawa, koma mnzako amadziwa pamene pali chilonda.

Davide anazidziwa zimenezi. Pa Salimo 55:12-14 akudandaula kuti akanakhala mdani womunyoza akanapirira, akanakhala womuda akanabisala, koma ndi mnzake weniweni, amene ankacheza naye mokoma nkupitira limodzi ku nyumba ya Mulungu. Ndikawerenga pamenepa sindiganiza za andale okha ayi.

Ife a ku Malawi okhala kuno movomerezeka tinali ndi ufulu wovota nawo, chifukwa dziko lathu lili mu Commonwealth. Tinali ndi kagulu ka mapemphero ka Lachisanu madzulo, anthu osapitirira khumi ndi asanu, tikumakumana m'nyumba mosinthana, tiyi ndi mandasi pa tebulo. M'gulumo munali achimwene ena, akulu kwa ine, amene anandilandira nditangofika kumene. Ndiwo anandipatsa jekete yanga yoyamba ya nyengo yozizira, yaikulu moti manja ndinkachita kupinda kawiri, ndipo ndiwo anandiperekeza kokafunsira ntchito yosamalira okalamba. Iwo ankafuna kuti Britain atuluke. Ankati munthu wa ku Poland amangokwera basi nkubwera kudzagwira ntchito, pamene iwo alipira ndalama zankhaninkhani za mapepala zaka ndi zaka ndipo mwana wawo wamkulu akadali kumudzi. Ankakhulupirira kuti khomo la Ulaya likatsekedwa, lathu litseguka. Ine ndinkaona mosiyana: ndinkaopa kuti mawu onyoza alendo akazolowereka, sadzafunsa kuti mlendoyo wachokera kuti.

Tonse tinali ndi mfundo. Koma usiku wina pa gulu lathu la WhatsApp, nditatopa komanso mtima utatentha, ndinalemba kuti pali anthu ena akawoloka mtsinje amafuna mlatho uthyoke. Dzina sindinatchule. Panalibenso chifukwa chotchulira, aliyense anadziwa. Ndinaona timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu, ndipo sanayankhe. Lachisanu lotsatira mpando wawo unali wopanda munthu. Chinthu chimene ndinagwiritsa ntchito powabaya chinali nkhani ya mapepala awo, imene anandiuza ine ndekha m'khitchini mwawo, tikupempherera limodzi.

Pa 16 Juni, kutatsala sabata imodzi, phungu wa chipani cha Labour, Jo Cox, mayi wa ana awiri wa zaka 41, anaphedwa mumsewu ku Birstall ndi munthu wodzala ndi chidani. Kampeni inaima masiku angapo. Dziko linakhala chete, anthu a mbali zonse anaika maluwa malo amodzi. Ndinaganiza zoimbira foni achimwene aja tsiku limenelo. Sindinaimbe. Ndinadziuza kuti tidikire voti ipite, zonse zizizira zokha.

Voti inapitadi. Anthu 17.4 miliyoni anati atuluke, 16.1 miliyoni anati akhale. M'mawa wa pa 24 Juni ndinali ndisanaweruke ntchito ya usiku. Ndinali m'chipinda chochezera ndikudyetsa phala agogo ena amene manja awo ankanjenjemera, kanema ali chiyakire pakona. Cameron anatuluka pakhomo la 10 Downing Street, mkazi wake Samantha ali pambali pake, nkunena kuti atula pansi udindo, pakuti si iye woyenera kuwongolera chombo pa ulendo umene dziko lasankha. Chakumapeto mawu ake anagwedera. Agogo aja anakankha sipuni pang'ono nkufunsa kuti mnyamatayo akulira chiyani. Ndinasowa chowayankha.

Amene anapambana nawonso sanakhalitse pamodzi. Pasanathe sabata, pa 30 Juni, Gove, amene aliyense ankayembekezera kuti athandiza Johnson kutenga utsogoleri, analengeza m'mawa kuti Johnson sangathe kutsogolera kapena kumanga gulu logwira ntchito imene ili kutsogolo, ndipo aima yekha. Masana omwewo Johnson anati sapikisana nawo. Theresa May anakhala nduna yaikulu pa 13 Julaye nkuchotsa Osborne ndi Gove yemwe. Patapita zaka zitatu nkhani yomweyo inamugwetsa May, ndipo mu Seputembala 2019 aphungu 21 anachotsedwa m'gulu la chipani ku nyumba ya malamulo, kuphatikizapo Kenneth Clarke, amene anatumikira kuyambira 1970, ndi Nicholas Soames, mdzukulu wa Winston Churchill. Voti imene inayenera kuthetsa mkangano inangowerenga manambala. Mabala a mawu sinawakhudze. Ndi zimene Paulo ankanena: kulumana kukayamba sikufunsa kuti wapambana ndani, kumangopitirira mpaka pasatsale woti adye mnzake.

Tsono Paulo yemweyu si munthu amene sanakanganepo. Werengani Machitidwe 15:36-41. Barnaba ndiye anamugwira dzanja Paulo, akutchedwabe Saulo, nkupita naye kwa atumwi pamene onse ankamuopa. Ndiye anakamufuna ku Tariso nkubwera naye ku Antiokeya, kumene anaphunzitsa limodzi chaka chathunthu. Anayenda limodzi, anathamangitsidwa limodzi. Koma pokonza ulendo wachiwiri, Barnaba anafuna kutenga Yohane Marko, ndipo Paulo anakana chifukwa mnyamatayo anawasiya panjira ku Pamfuliya. Mkangano unakula mpaka anapatukana. Barnaba anakwera chombo ndi Marko kupita ku Kupro, Paulo anatenga Sila.

Luka, amene analemba Machitidwe, sakutiuza amene anali wolondola, ndipo ndikuganiza kuti anachita dala. Chimene chimandigwira mtima ndi china. M'makalata onse a Paulo amene tili nawo, mkangano wa Marko sautchula ngakhale kamodzi. Sanalembere mipingo kuti Barnaba anakondera m'bale wake. Mpata anali nawo, pakuti mipingo inkamumvera, koma sanatero. Ngakhale pa Agalatiya 2:13, pomwe akufotokoza kuti Barnaba anatengeka pa nkhani ya kudya ndi anthu a mitundu ina, akulemba ngati munthu womva chisoni kuti ngakhale Barnaba amene, osati ngati wopeza chomugwetsera. Pa 1 Akorinto 9:6 akumutchula ngati mnzake wa ntchito, wodzidyetsa ndi manja ake monga iye. Pa Akolose 4:10 akuuza mpingo kuti Marko akabwera amulandire. Ndipo ali m'ndende chakumapeto kwa moyo wake, pa 2 Timoteo 4:11, akupempha Timoteo kuti abwere naye Marko, chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Mnyamata yemwe uja anamukana. Njira yobwerera inalipo chifukwa pa tsiku la mkwiyo anasiyana pa nkhani, koma sanang'ambe dzina la munthu.

Apa ndi pamene ine ndinalephera. Sindinalakwe kuvota mmene ndinavotera, ndipo mpaka lero maganizo anga sanasinthe. Ndinalakwa kutenga chinsinsi cha m'bale nkuchisandutsa mkondo kuti ndipambane mkangano wa pafoni. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli pakati pa zotere pompano: kusankha akulu a mpingo, nkhani ya malo a makolo, ndalama za kwaya, chisankho chimene chagawa gulu la banja moti ena atulukamo. Nenani zimene mukukhulupirira, ndipo nenani mosaopa. Koma chala chisanadinde potumizira, dzifunseni ngati mawuwo akuyankha nkhani kapena akufuna kuchepsa munthu, ndiponso ngati zimene mukuwombera nazo si zimene anakuuzani pokukhulupirirani. Tsiku la chigamulo lidzafika nkudutsa. Mawa lake mudzakumana pamaliro, mudzayenera kunyamula bokosi limodzi.

Achimwene aja anasamukira mzinda wina chaka chotsatira. Tinaonana kamodzi pa ukwati, tinapatsana moni wa anthu odziwana patali, aliyense nkubwerera pa tebulo lake. Jekete ija ndikadali nayo, ili kuseri kwa chitseko. Nambala yawo ndinaipempha kwa mlongo wina Lachiwiri lapitali, ndipo yakhala pa kapepala m'Baibulo langa, pa Agalatiya 5 pomwepa, masiku onsewa.

Tiyeni tipemphere. Atate, Inu mukudziwa amene aliyense wa ife anamuluma, ndi amene anatiluma. Gwirani lilime lathu ndi zala zathu lero. Tipatseni mtima wa Paulo woitanitsa Marko nthawi isanathe. Ine ndithandizeni ndikamaimba foni ija madzulo ano, kuti ndisayambe ndi kufotokoza chifukwa chimene ndinalembera mawu aja, koma ndiyambe ndi kuti achimwene, ndinakulakwirani. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.