Za chilungulira cha bambo ndi zipsera za m'mapapo

Achimwene, ndamvetsera uthenga wanu nditangoweruka kuntchito kuno ku Leeds, ndipo chandidetsa nkhawa n'chakuti mwasiya kupita nawo bambo kuchipatala poganiza kuti mankhwala a chilungulira a omeprazole amene mwawagulira athetsa chifuwa. Chonde musatero. N'zoona kuti adokotala anatchula chilungulira, koma matenda amene anawapeza nawo ndi pulmonary fibrosis, ndiye kuti mapapo awo akuchita zipsera n'kumalimba, ndipo chipsera chikangopangika sichichokanso.

Odwala ambiri a matendawa amapezekanso kuti asidi wa m'mimba amawabwerera kum'mero, ena osamva n'komwe kutentha pamtima. Madokotala ena amaganiza kuti munthu akagona, timadontho ta asidiyo timalowa m'njira ya mpweya n'kumavulaza mapapo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Ena amati vuto limayambira kumapapoko, chifukwa akalimba munthu amakoka mpweya mwamphamvu, ndipo kukokako pamodzi ndi kutsokomola n'kumene kumakweza zam'mimba. Malangizo a mabungwe a madokotala a mapapo a mu 2015 ankavomereza mankhwala a asidi kwa odwalawa, koma a mu 2022 anati asamaperekedwe ndi cholinga chothandiza mapapo. Omeprazole amachepetsa asidi basi, saletsa zam'mimba kubwerera.

Choncho ngati adokotala avomereza, azimwa pofuna kuziziritsa chilungulira chokha. Muwauze mayi kuti nsima ya madzulo izipsa msanga, kuti pazidutsa maola 3 bambo asanagone, ndipo asamakhute kwambiri. Pansi pa miyendo ya kumutu kwa bedi muikepo njerwa kuti ikwere masentimita 15 kapena 20, popeza kusanjikiza mapilo kumangowapinda pamimba. Soda amene amasungunula m'kapu uja asiye, fodya asamuyandikire, ndiponso asamakhale kukhitchini mayi akasonkha moto.

Kodi makhololo anawayezadi? Chifuwa chosatha ndi befu kwathu kumeneko timayamba takayikira TB, ndipo TB yakale nayonso imasiya zipsera. Mukapitanso mukafunse za pirfenidone ndi nintedanib, mankhwala amene sachiritsa koma amachedwetsa kukula kwa zipserazo, ngati ali oyenera bambo komanso ngati angapezeke. Tsiku limene anawalembera lija musaliphonye, ndalama ya basi nditumiza Lachisanu. Mujambule masamba onse a kabuku kawo ka kuchipatala munditumizire pa WhatsApp lero lomwe.