Siginecha ya pa K2,000 ndi mtengo wa feteleza kuno ku Mulanje

[Wowulutsa waima m'mphepete mwa munda wa tiyi pa Chitakale, phiri likuonekera kumbuyo]

Muli bwanji nonse? Pisani m'thumba, mutulutse K2,000. A Chilembwe mwawaona, koma lero asiyeni kaye. Yang'anani kasiginecha kali chapafupipo.

[Kamera iyandikira pa ndalamayo]

Ameneyo ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu ya dziko lino. Simungakatsekuleko akaunti, chifukwa makasitomala ake ndi boma ndi mabanki enawa. Inayamba ntchito mu 1965 ku Blantyre, likulu lake n'kusamukira ku Lilongwe mu 1981. Kwacha yomwe tikuigwirayi inabwera mu 1971, kulowa m'malo mwa paundi. Achinyamata ambiri amangodziwa a John Tembo ngati andale, koma iwo anakhala pampando wa gavanala kuyambira 1971 mpaka 1984.

Nanga gavanala wa ku Lilongweyu akutikhudza pati ife othyola tiyi?

[Chithunzi: mayi akuthira masamba m'dengu lakumsana, kenako pa sikelo]

Tsamba ili likachoka pa sikelo limapita ku fakitale, ndipo lambiri limakathera kunja. Ku okushoni ya tiyi ku Limbe mitengo imatchulidwa m'madola. Ndiye kuti Mulanje ndi Thyolo amabweretsa ndalama zakunja, zomwe dziko limagulira mafuta, mankhwala ndi feteleza. Vuto ndi loti zomwe timagula kunja zimaposa kutali zomwe timagulitsa. Madola akachepa, mtengo wake kumsewu umathawa wa ku banki, ndipo amene ali nawo sapita nawonso ku banki. Inunso mukadatero.

Apa ndi pomwe gavanala amalowerera. Mu May 2022 Kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023, a Wilson Banda ali pampando, anaigwetsanso ndi 44 peresenti: dola imodzi inachoka cha pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Patangopita masiku ochepa, bungwe la IMF, lomwe limabwereketsa ndalama ku maiko, linavomera ngongole ya Malawi.

Tsono tamverani bwino apa. Wogulitsa tiyi kunja dola yake yomweyo inayamba kumupatsa ma Kwacha ambiri tsiku lomwelo. Wa sitolo ya feteleza anasintha mitengo sabata isanathe, ena pa katundu amene anali kale m'sitolo. Koma malipiro a wothyola, ndi mtengo wa kilo ya masamba a mlimi wamng'ono, zimadikira anthu akhale pansi akambirane. M'miyezi yodikirayo ndi momwe mumalira m'phika. Ine ndimaona kuti kugwetsako kunali kovuta kukupewa, koma ululu wake sunagawidwe mofanana ayi.

[Chithunzi: gulu la banki mkhonde pansi pa mtengo, kope ndi mbale ya ndalama]

Chida china ndi chiwongoladzanja. Mitengo ikamakwera mosalekeza, banki yaikulu imakweza chiwongoladzanja chake, monga mu February 2024 pomwe chinafika 26 peresenti. Mabanki amaonjezerapo pawo. Cholinga n'choti anthu achepetse kukongola, ndalama zisachuluke m'misika. Koma wofuna mpamba wa mananazi akabwerera chimanjamanja ku banki, amagwera kwa a katapila.

Gavanala yemweyo ndiyenso mkulu woyang'anira mabanki, makampani a inshuwalansi, a penshoni, ma SACCO ndi obwereketsa ndalama. Wina akabwera m'mudzi ndi tebulo, akuti ikani K50,000 mwezi wamawa mutenga K100,000, mufunseni laisensi yochokera ku ofesi imeneyi. Akayamba kukanda mutu, bwezani ndalama zanu m'chikwama.

Vidiyo yotsatira tikajambulira pa Muloza, m'malire ndi Milange wa ku Mozambique, komwe anyamata osintha meticais, ndalama ya kumeneko, amakhala ndi mtengo wawowawo wa Kwacha m'mawa uliwonse.