Akutumizani ku Chipatala cha Kumudzi? Musathamangire Kukapempha Transifa

Moni nonse, takulandiraninso. Lero ndikulankhula ndi inu amene mwalandira kalata yoti mukakhale administireta pa chipatala cha kumudzi, ndipo tulo sitikubwera. Musanapite kukadandaula ku likulu, onerani vidiyoyi mpaka kumapeto.

Zoyambira mwachangu. Chipatala chachikulu cha m'boma chimayendetsedwa ndi gulu la akuluakulu a zaumoyo m'boma lotchedwa DHMT (District Health Management Team). Pamwamba pali DHSS, mkulu wa zaumoyo m'boma lonse, amene kale tinkati DHO, kenako mkulu wa madokotala, mkulu wa anamwino, wa zaukhondo, akauntanti, ndi inuyo. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu mu 1998, nkhani zambiri zimadzera ku khonsolo. Mankhwala amachokera ku Central Medical Stores Trust. Zipatala za mishoni monga Nkhoma ndi Embangweni zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu. Tipitirire.

Choyamba, dziwani ndalama za ORT, zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ngati mmene mumadziwira za m'thumba mwanu. Zimachedwa, zimaperewera, ndipo chakudya cha odwala, mafuta, madzi ndi magetsi zonse zikudikira zomwezo.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa bodza ili limandipweteka mtima. Anthu amati: "Akakutumiza kumudzi akutaya, udzakalambira pa giredi yomweyo." Ayi ndithu abale anga, ayi!

Taganizani. Ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, wobwera kumene amapatsidwa kachigawo kamodzi, mwina galimoto zokha, ndipo pamwamba pake pali mabwana angapo. Kumudzi zonse zili pamutu panu: khitchini, mochale, ambulansi, nyumba za ogwira ntchito, chitando cha amayi odikirira. Zimene mnzanu wa m'tauni angazione patapita zaka, inu mwazigwira chaka choyamba.

Ndikuuzeni zanga. Usiku wina wamvula magetsi atazima, m'dramu munatsala dizilo wochepa kwambiri. Foni ikulira, namwino wa pa chipatala china chaching'ono akuti mayi akutaya magazi atabereka. Ambulansi ikufuna dizilo, jenereta ya ku fiyeta ikufunanso dizilo yemweyo. Tinagawa pakati ine ndi dalaivala, tochi ili kukamwa, kenako ndinakagogoda kwa mwini malo omwetsera mafuta kukapempha ngongole. Mayiyo anafika ali moyo. Kutacha ndinatsegula buku lapadera la mafuta, ndipo dramu imodzi ndinaikhoma loko kuti ikhale ya fiyeta ndi amayi oyembekezera basi. Patapita zaka ziwiri, ku intavyu ya udindo wokwera, anandifunsa mmene ndingayendetsere ambulansi mafuta atasowa. Ndinangowafotokozera za buku lija.

Kumbukiraninso kolera amene anayamba mu 2022, ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje, amene anasaka matenti, klorini ndi njira yodutsa milatho itakokoloka anali anthu a m'maboma momwemo. Ndani angati munthu wotere sadziwa utsogoleri? Sindikubisirani, mavuto alipo: nyumba zodontha, netiweki yosakira pachulu, sukulu za ana zakutali. Koma kunena kuti ntchito yanu yafera pomwepo, limenelo ndi bodza.

Inu amene muli kumudzi panopa, lembani m'munsimu boma lanu, ndikufuna ndikudziweni. Ndipo ngati simunadine batani lofiira lija, dinani tsopano, belu lomwe.

Chachitatu, mafumu ndi komiti ya chipatala. Pitani kwa a T/A mukadzionetse sabata yoyamba, musadikire tsiku la mavuto. Mpanda ukagwa, iwowa ndi amene adzaitane anthu kuumba njerwa.

Chachinayi, lembani zimene mwachita, ndi manambala ake. Malipoti a DHIS2, njira ya pakompyuta yotumizira manambala a zaumoyo, azipita pa nthawi yake.

Chachisanu, sukulu. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ili ndi digiri yachiwiri ya Master of Public Health. Pemphani tchuthi cha maphunziro mwa kalata, osati pakamwa, ndipo kope yake musunge.

Chitsanzo cha buku la mafuta lija ndachiika pa gulu lathu la WhatsApp, linki ili pansi pa vidiyoyi. Sabata yamawa tikambirana za kuba mankhwala ku famase, ndi mmene mungagwirire nkhaniyo popanda kunamizira munthu wosalakwa. Tionana Lachisanu.