Mawu a m'mawa: Tisatseke khomo limene Mulungu sanatseke

Assalamu alaikum abale ndi alongo, mwadzuka bwanji? Inu amene mukuchokera ku swala ya Fajiri, inu amene mukukocheza ngalawa ku Makawa mutachezera usipa usiku wonse, ndi inu amayi amene mwasonkha kale moto wa phala, lero tikambe nkhani imene pamaliro timangonong'onezana kuseri kwa nyumba.

Uthenga ukangofika woti uje wadzipha, mafunso amakhala omwe aja. Asambitsidwa? Timuswalira? Akagona m'manda mwathu? Shehe asanafike n'komwe, wina amakhala atagamula kale kuti ameneyo ndi wakumoto basi, mayi ake a malemu ali chapompo pamphasa, akumva. Mawu amenewa amatuluka msanga chifukwa ambiri tinaphunzira theka la nkhaniyi, theka linalo tinalisiya m'mabuku.

Theka limene timalidziwa ndi loona, ndipo sitilichepetsa. Sura An-Nisa ndime 29 imaletsa kudzipha, ndipo chifukwa chimene imapereka ndi choti Allah ndi wachifundo kwa ife. Moyo ndi amana, katundu wosungitsidwa. Munthu akakusungitsa mbuzi yake supha poti yakutopetsa kudyetsa. Hadisi (mawu a Mtumiki Muhammad) ya Abu Huraira, imene ili m'mabuku a hadisi a Bukhari ndi Muslim, ndi yoopsa: chimene munthu wadziphera, adzalangidwa nacho ku Jahannama. Kudzipha ndi limodzi mwa machimo akuluakulu, palibe shehe amene amatsutsa.

Tsono theka linalo. Sura yomweyo ndime 48 imati Allah sakhululuka shiriki, kumuphatikiza ndi milungu ina, koma zonse zochepera apo amakhululukira amene wamufuna. Kudzipha si shiriki, ndipo sikumutulutsa munthu m'Chisilamu. Mwa Muslim muli nkhani ya Tufail bin Amr wa fuko la Daus, amene anasamukira ku Madina ndi mnzake. Mnzakeyo anadwala, ululu unamukulira, anadzivulaza m'manja mpaka anamwalira. Tufail anamulota ali bwinobwino, manja okha ataphimbidwa. Atamufunsa, anati Mbuye wake wamukhululukira chifukwa cha msamuko wake wotsata Mtumiki, koma za manjawo wauzidwa kuti chimene anaononga yekha sichikonzedwa. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, atamva malotowo anapempha Allah kuti akhululukirenso manja akewo. Onani apa: anamupempherera dua munthu wodzipha.

Amene amakana kuswalira amagwira hadisi ya Jabir bin Samura, yoti atabweretsa mtembo wa munthu wodzipha, Mtumiki sanauswalire. Ndi zoona. Koma anachitanso chimodzimodzi ndi munthu amene anamwalira ali ndi ngongole: anauza maswahaba kuti amuswalire mnzawoyo, mpaka Abu Qatada analonjeza kubweza ngongoleyo. Kodi alipo pakati pathu amene amati wangongole ndi kafiri? Tikanatero, mizikiti ya kuno ikanatsala ndi anthu owerengeka. Kudziletsa kwa Mtumiki kunali chenjezo kwa amoyo. N'chifukwa chake maulama ambiri, kuphatikizapo a mazihabu a Shafi amene ambiri kuno timatsata, amati wodzipha ali ndi ufulu wonse wa maliro a Msilamu.

Dongosolo lake ndi ili. Poyamba adziwitsidwe amfumu ndi apolisi, ndipo thupi lisasambitsidwe achipatala asanaliyeze. Apa m'pamene mabanja amalakwitsa: poti timafulumiza kuika, kapena pofuna kubisa manyazi, amasambitsa mwachangu, mawa lake n'kupezeka akufunsidwa mafunso ovuta kupolisi. Zimenezo zikatha, asambitsidwe monga wina aliyense, katatu kapena kasanu, avekedwe sanda, nsalu zitatu kwa mwamuna ndi zisanu kwa mkazi, aswaliridwe jeneza ya matakibira anayi, aikidwe chogonera kumanja atayang'ana ku Kibla. Ntchito imeneyi ndi faradhi kifaya: ena akaichita onse apepukidwa, koma mudzi wonse ukaikana, mudzi wonse wasenza tchimo.

Palinso hadisi yoti cholembera chachotsedwa pa anthu atatu, kutanthauza kuti salemberedwa machimo: wogona mpaka adzuke, mwana mpaka akule, ndi wosokonezeka mutu mpaka achire. Sikuti aliyense wodzipha anali wosokonezeka mutu, ayi. Koma ndani wa ife analowa m'mutu mwake usiku umenewo kukayeza kuti nzeru zinatsala zochuluka bwanji? Sikelo ya tsiku la Kiyama imayeza ngakhale kanthu kochepetsetsa, ndipo sikeloyo sili m'manja mwa munthu aliyense wa ku Mpondasi kapena ku Namwera.

Nkhani yomweyi ili ndi anthu ena amene anaisinkhasinkha mozama, Asikh, aja amavala nduwira osameta ndevu. Mangochi si achilendo kwa iwo. M'chaka cha 1891, pamene Harry Johnston, mtsogoleri wa atsamunda, ankamanga m'mbali mwa Shire linga la Fort Johnston, dzina limene Mangochi ankadziwika nalo kale, asilikali ake ambiri anali Asikh ochokera ku India, otsogoleredwa ndi Cecil Maguire, amene anafera pankhondo yolimbana ndi mfumu Makanjira chaka chomwecho. Anabwera ndi mfuti, ndiye makolo athu sanamve za chiphunzitso chawo. Chipembedzochi anachiyambitsa ndi Guru Nanak, wobadwa mu 1469 ku Punjab, amene mnzake wapamtima pamaulendo ake anali Msilamu, Mardana. Buku lawo, Guru Granth Sahib, lili ndi masamba 1430, ndipo mkati mwake mulinso ndakatulo za Sheikh Farid, Msilamu.

Iwo amakhulupirira Mulungu mmodzi, Waheguru, ndipo chilichonse chimayenda mwa lamulo lake, limene amati hukam. Muzu wa tchimo amautcha haumai, mtima wa ine-ndine, umene umabala akuba asanu: chilakolako, mkwiyo, umbombo, kukakamira za dziko, ndi kudzikuza. Kudzipha kwa iwo ndi kukana hukam, kulanda ntchito ya Mwini kupatsa ndi kutenga. Pamwamba pa apo amati mzimu umazungulira m'matupi a zolengedwa zokwana 8,400,000, ndipo thupi la munthu ndi mwayi wosowa, nthawi yokumana ndi Mulungu. Woutaya mwayiwo sanathawe kanthu. Zochita zake, zimene amati karam kapena karma, zimapita naye kukubadwa kwina, ngati ngongole ya katapila imene imakutsata ngakhale usamukire ku Makanjira.

Mawu akuti karma afala pa WhatsApp masiku ano, koma timawagwiritsa ntchito ngati temberero, kuti wakulakwira aone zakuda. Asikh satanthauza zimenezo. Guru Nanak anaphunzitsa kuti chimene wafesa udzadya wekha, komanso kuti zochita zimangokupatsa chovala, ndiye thupi, pamene khomo la chipulumutso limatseguka ndi nadar, diso lachisomo la Mulungu. Choncho nawonso sagamula za malemu. Malamulo awo a maliro alibe gawo lopatula wodzipha: thupi limatenthedwa, amaimba pemphero lausiku la Kirtan Sohila, amapereka pempho la Ardas, ndipo banja limawerenga buku lawo lonse, kawirikawiri kumaliza pofika tsiku lakhumi.

Tisasakanize ziwirizi ngati kuti ndi chimodzi. Kwa Msilamu moyo wapadziko ndi umodzi. Sura Al-Muminun ndime 99 ndi 100 imanena za munthu wopempha kuti abwezedwe akakonze zimene anasiya, ndipo yankho ndi ayi, kutsogolo kwake kuli Barzakh, chotchinga cha pakati pa akufa ndi amoyo, mpaka tsiku louka. Kwa Msikh mzimu umabwerera mpaka utalowa mwa Mulungu. Njira ndi zosiyana kwenikweni. Koma zonse zimagwirizana pa zinthu ziwiri: imfa yodzipatsa sithetsa vuto, ndipo mawu omaliza pa malemu si a munthu.

Ngati chiweruzo si chathu, chathu n'chiyani? Werengani Sura Maryam kuyambira ndime 23. Mayi woyera uja, Maryam, ali yekha patsinde pa mtengo wa tende, ululu wa kubereka utamugwira, ananena kuti bwenzi atafa kale n'kuiwalika. Sanadzudzulidwe. Anauzidwa kuti asadandaule, pansi pake pali kamtsinje, agwedeze mtengowo tende zigwe, adye, amwe. Chakudya ndi madzi zinatsogola, ulaliki sunabwere n'komwe. Asikh ali ndi mwambo wa langar, wophika pamalo awo opempherera kuti aliyense adye atakhala pansi pamzere umodzi, wolemera ndi wosauka. Ubwino wa mzere wotere ndi woti wina akasowa amaoneka. Ifenso mzere tili nawo kasanu patsiku. Funso ndi loti, m'bale akasowa pa safu masiku anayi, alipo amene amakagogoda kwawo?

Zizindikiro zimakhalapo, ife ndife timaziphonya. Munthu akakhala wokhumudwa masabata awiri kapena kupitirira, tulo osabwera, nsima akungoitola, ntchito imene ankaikonda ataisiya, amenewo ndi matenda a maganizo, si ulesi. Chenjerani kwambiri akayamba kugawa katundu wake, kutsanzika anthu popanda ulendo, kunena kuti ndine mtolo kwa inu, kapena akakhala phee mwadzidzidzi pambuyo pa masiku ovutika, chifukwa nthawi zina bata limenelo ndi la munthu amene wamanga kale mfundo. Abambo ndi amene amadzipha ambiri, poti tinawalera kuti mwamuna salira. Amene wabwezedwa kuchokera ku Joni chimanjamanja, amene injini ya boti yamira ndi mwera ngongole isanathe, amene wamva zoipa za banja lake, musamusiye kuti alimba yekha.

Mufunseni mwachindunji, muli awiri: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli limuika ganizo m'mutu. Silitero. Limamupatsa mpata wotula. Akavomera, musamuwerengere hadisi ya kumoto nthawi yomweyo, musamuuze kuti imani yake ndi yochepa, musamukumbutse kuti ena akuvutika kuposa iye. Akamva choncho amatseka pakamwa n'kukuuzani kuti amangocheza. Mvetserani mpaka amalize. Akakupemphani kuti musauze munthu, musalonjeze. Muuzeni kuti mukaitana amalume ake kapena munthu wina mmodzi amene iye amamukhulupirira.

Kenako chotsani m'nyumba mankhwala a kumunda, a makoswe, mapilisi ochuluka ndi zingwe, mukasungitse kwa anansi. Izi zimaoneka zazing'ono, koma mphindi yoopsa kwambiri sikhalitsa, ndipo ikadutsa popanda chida pafupi, ambiri amakhala ndi moyo. Asagone yekha, ndipo mowa ndi chamba zitalikire, poti zimachotsa mantha. Kukacha mupite naye kuchipatala cha boma mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo. Vuto likakula amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Mankhwala ake satha ntchito tsiku limodzi: amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo amamwedwa miyezi ingapo ngakhale atapeza bwino. Cholakwika chofala ndi kuwasiya sabata yoyamba poti sakuthandiza, kapena abale kuwataya poganiza kuti ndi majini. Dua ndi chipatala sizilimbana. Ashehe awerenge, mapilisi amwedwe.

Mukapeza munthu wamwa kale poizoni, musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi amchere, chifukwa zimatha kulowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali, muvuleni zovala zimene zathiridwa mankhwalawo, tengani botolo kapena pepala lake kuti adokotala adziwe chimene wamwa, ndipo thamangani naye ngakhale akuoneka bwino, poti mankhwala ena amaononga mkati mwakachetechete.

Ngati gwero ndi ngongole, mawu okoma okha sakwanira. Khalani naye pansi, lembani ngongole iliyonse ndi mwini wake, akuluakulu awiri apite kukakambirana za kabwezedwe. Makomiti a mizikiti akumbukire kuti Sura At-Tauba ndime 60 imatchula angongole pakati pa magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira zakaati. Gulu limeneli timalidumpha chaka ndi chaka.

Inu amene mukuwerenga izi, ngati ndinu wotopa ndi moyo, Sura Az-Zumar ndime 53 ikuitana ngakhale amene adzichitira okha zoipa kuti asataye mtima pa chifundo cha Allah. Mtumiki analetsa kulakalaka imfa chifukwa cha mavuto, koma anadziwa kuti mtima umafika pamenepo, ndipo anaphunzitsa dua yake: E Allah, ndisungeni ndi moyo ngati moyo uli wabwino kwa ine, ndipo nditengeni pamene imfa ili yabwino kwa ine. Nenani dua imeneyi m'mawa uno, kenako uzani munthu mmodzi dzuwa lisanalowe.

Pomwe zachitika kale, banja lotsala lili pachiopsezo nalonso. Chipepeso ndi masiku atatu, koma mayi wamasiye amakhala pa eda miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo anthu ambiri amasiya kubwera sabata yoyamba isanathe. Amayi a dawa agawane masiku omuyendera mpaka eda ithe. Ana auzidwe zoona mwa mawu oyenera msinkhu wawo asanazimve kwa anzawo kumadrasa, ndipo auzidwenso kuti palibe wosenza mtolo wa tchimo la wina, monga ikunenera Sura Al-An'am ndime 164. Aphunzitsidwe kuwapempherera bambo awo chikhululuko ikatha swala iliyonse, monga amachitira mwana wina aliyense wamasiye.